Mabulosi Ogona a Kuseri kwa Khola

Kuseri kwa khola la ng'ombe la bambo anga aakulu, m'mudzi wina kufupi ndi Edingeni, kuli mitengo ya mabulosi yomwe sinamere monga imerera mitengo inzake. Thunthu lililonse limayamba lagona pansi, kukwawa ndithu, kenaka n'kupinda n'kuloza kumwamba. Ana a masiku ano amakhalapo ngati pa benchi, miyendo ili lendelende, milomo ili bii, ndipo ukawafunsa kuti mitengoyi ndi ya yani amayankha osaganiza n'komwe kuti ndi ya agogo a Yotamu. Yankho limeneli ndalimva kambirimbiri, koma mpaka lero likandilowa m'khutu mtima umandiwira. A Yotamu, amene anali mkulu wawo wa bambo anga, sanabzalepo mtengo wa mabulosi ngakhale umodzi moyo wawo wonse. Chimene iwo anachita n'kuzula.

Chaka chimenecho ndinali ndisanathe pulayimale, msinkhu woti mtsikana amatha kusenza ndowa yodzadza osagwirizira. Bambo anga anali atapita ku Joni mlongo wanga Tiwonge akadali kubere, monga amapitira amuna ambiri a ku Mzimba. Poyamba ankatumiza mabulangete onunkhira sitolo ndi nsapato zosatikwana, kenaka kunangoti zii, mpaka anthu anayamba kuwatchula ndi dzina lija la mtchona, munthu amene wapita osaganizanso zobwerera. Mayi anga anali Mchewa wa ku Kasungu. Kwawo ankawatcha Nabanda, koma kuno anasanduka aNyaBanda, ndipo ngakhale anakhala m'mudzimo zaka zambiri, Chitumbuka chawo chinkasekedwabe pachitsime. Anabwera atawalowola ndi ng'ombe, ndiye anali mkamwana, mkazi wokwatiwira pamudzi wa eni ake, wogwada patali akamalankhula ndi akuluakulu a kuchimuna. Ntchito zonse zolemetsa zinali zawo, kuzira nyumba, kupalira, kusoka fodya wa alamu awo mpaka zala kuda ndi utomoni, ndipo palibe tsiku limene ndinamva wina akuti yewo, zikomo wa kumeneko.

Nkhani ya mabulosi inayamba ndi msana wa Tiwonge. M'dera lathu lonse munali mtengo umodzi wokha wa mabulosi, kunyumba kwa bambo wina wa golosale m'mbali mwa msewu, wotchingidwa ndi minga ndiponso galu woipa mtima kuposa mwini wake. Dzuwa la Okutobala likafika pachimake, zipatso zinkagwa zokha n'kumaola pansi, fungo lake lotsekemera n'kumatipeza tikuchokera kusukulu, koma mwana kutolako kamodzi kokha unali mlandu. Tsiku lina Tiwonge, kamwana koti kabudula kankangovuka kokha, anakwawa pansi pa mingayo. Anabwera kunyumba msana uli ndi mzere wa chikwapu, m'manja atafumbata mabulosi ophwanyika, madzi ake akutsika mpaka pachigongono, osafuna kufumbatula ngakhale akulira. Mayi anamuthowa ndi madzi ofunda, kenaka anangoti, "Mwana wanga sadzakwapulidwanso chifukwa cha chipatso chodya mbalame." Ine ndinaganiza kuti angonena pomutonthoza.

Chisanu chitafika, kunamveka kuti mnzawo wina wa bambo, amene ankacheka nawo matabwa ku Luwawa asanapite ku Joni, wabwerako. Mayi anakwera lole ya matabwa kupita ku Luwawa komweko kukafunsa za amuna awo. Anabwerako chitenje chikununkhira utomoni wa paini, nkhope ili ndwii, pamutu atasenza mtolo wa nthambi zopanda masamba zokulungidwa m'chiguduli chonyowa. Za bambo sanatiuze kalikonse. Anangoti pakhomo pa munthu uja pali mtengo wakale wa mabulosi, ndipo anapemphako nthambi. Ndinadzamva pambuyo pake kuti kumeneko anauzidwa kuti bambo ali moyo, ali bwino, ndipo ali ndi mkazi wina ndi ana. Akuluakulu amati mapanga awiri avumbwitsa, koma ine ndinaona kuti mwini mapangawo anali pouma, ovumbwa tinali ife.

M'mawa mwake, nkhungu isanachoke m'dambo, anandiitanira kuseri kwa khitchini ndi mpeni wonoledwa pamwala. Nthambi iliyonse ankaiyeza ndi chala chawo, yochepa kuposa chala ankaitaya, yokalamba kwambiri ankaiika pa nkhuni. Zotsalazo ankazidula timitengo totalika kuchokera padzanja kufika pachigongono changa, kalikonse kokhala ndi maso angapo, timatuza tija timene pamaphukira tsamba. Kumunsi ankadula mopendeketsa, kumwamba mowongoka, kuti ngakhale titasokoneza mtolo tisaiwale kumene kuyenera kulowa m'dothi. Anandigwira chala n'kuchiyendetsa pa diso limodzi kuti ndimve kumene laloza. "Maso aziyang'ana kumwamba," anatero, "ukabzala chadodolido udzathirira mpaka ukwatiwe, osaona tsamba." Dothi tinasakaniza mchenga wa kumtsinje ndi manyowa akale ofumbutuka, amene anachita kukapempha mogwada kwa azakhali anga, mlongo wawo wa bambo. Machubu obzalamo mbande tinalibe, ndiye ndinayenda m'madzala a mudzi wonse kutola timapepala ta shuga ndi ta mchere, n'kumatiboola kunsi ndi msomali. Kamtengo kalikonse tinakalowetsa mpaka maso awiri abisike, n'kutsendera ndi zala, n'kuwaza phulusa pamwamba kuti chiswe chisayandikire.

Kenaka inayamba ntchito yodikira, imene kwa mwana ndi chilango. Mayi anamanga kachisakasa ka udzu kofika m'chiuno kuti dzuwa lisawambe timitengoto, ndipo kuthirira inali ntchito yanga m'mawa ndi madzulo. Amene sanakhaleko ku Mzimba mu Julayi sadziwa kuzizira. Mphepo yochokera ku Viphya inkadula makutu, zidendene zinkang'ambika mpaka kutuluka magazi, ndipo madzi a m'ndowa akakudonthera pakhosi unkachita kulumpha. Anzanga ankanditchula mlangizi wa zaulimi, ati ndasiya phada ndi fulaye chifukwa cholera nkhuni. Tiwonge ndiye anali mdani wamkulu wa nazale yathu, osati chifukwa cha nkhanza koma chikondi chopitirira. Tikangotembenuka ankazula kamtengo kuti aone ngati katulutsa mizu, n'kukabwezera mozondotsa, manja akupukutira kumalaya. Mayi akamugwira ankamukoka khutu mosapweteka n'kumuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, iye n'kumafunsa kuti nanga nkhonoyo ili m'pepala liti.

Mphepo ya fumbi ya Ogasiti itayamba, m'mawa wina ndinapeza diso limodzi latupa n'kung'ambika, kobiriwira katasuzumira, kakang'ono ngati khutu la mbewa. Ndinakuwa ngati ndaona njoka, mpaka mayi anatuluka ndi mtengo m'manja. Ataona chimene chinali, anaseka kuseka kumene sindinakumve chichokereni ku Luwawa. Timitengo tina tinauma, tina tinaphukira mwachangu kenaka n'kufota chifukwa kunsi kunalibe mizu, koma tambiri tinagwira. Masamba anakula, okhakhala pogwira, a mano m'mbali, ndipo ukawatikita ankanunkhira ngati udzu wongomweta. Nkhuku zinayamba kutivuta, mbuzi za azakhali nazo zinamva fungo, ndiye tinazinga kachisakasa ndi minga. Madzulo mayi ankakhala pamenepo akusenda mbatata kapena akusankha nyemba, akung'ung'uza nyimbo za kwawo, Tiwonge akuuza kamtengo kalikonse kuti kafulumire.

Apa ndiye pamene pamandipsetsa mtima kwambiri. Nazale imeneyo sinali yobisika. Inali panjira ya kuchitsime, mudzi wonse unkadutsapo. Azakhali ndi amene anapereka manyowa ndi manja awo, ndipo ankaima pamenepo n'kumaseka kuti aNyaBanda asowa chochita. A Yotamu ankadutsa tsiku ndi tsiku popita ku nazale yawo ya fodya, khasu paphewa, n'kumayang'ana. Chilimwe chonse chinatha, palibe ndi mmodzi yemwe amene anatsegula pakamwa kunena kuti mkamwana, zimene mukuchitazi kuno sitichita. Koma abale, munthu ukamuona akulunjika padzenje, umadikira kuti agweremo ndiye udzamuuze kuti panali dzenje? Ndakula tsopano, ndipo palibe angandinamize. Anakhala chete dala, chifukwa ankafuna chifukwa.

Mwambo wake unali wotere. Kwathu kuchimuna kumeneko nthaka ndi ya amuna a mtundu umodzi, ndipo mtengo wobzalidwa ndi mboni. Chimanga umakolola chaka chomwecho n'kuiwalika, koma mtengo umatsala n'kumanena kuti pano panabzala uje, ndiye wobzala mtengo amakhala ngati wanena kuti malowa ndi anga. N'chifukwa chake mkamwana amalima, amapalira, amakolola, koma mtengo sabzala, pokhapokha mwamuna wake ali pomwepo n'kuika yekha m'dzenje. Kwawo kwa mayi zinali zotembenuza. Kumeneko mkazi amakhala pamudzi pa amayi ake, mango ndi mapapaya a pakhomo amabzala ndi iye, ndipo amene amachita manyazi kubzala ndi mkamwini. Sikuti mayi sankaudziwa mwambo wa kuno. Mango sakanabzala, bulugamu sakanayerekeza n'komwe. Koma m'mutu mwawo mabulosi sanali mtengo woti akuluakulu angakhalire pansi. Chinali chakudya cha ana ndi mbalame, chinthu chomera kumpanda ngati nsatsi.

Mvula yoyamba itagwa, dothi likununkha fungo lija lochititsa munthu kufuna kulinyambita, inswa zikutuluka m'zulu, tinanyamula timitengo tathu m'lichero kupita nato kumunsi kwa bwalo. Mayi anasankha kumeneko chifukwa ndi kumene madzi a padenga ankathamangira, kunkakhala chinyontho nthawi yaitali. Tinakumba maenje, tinang'amba mapepala mosamala kuti dothi lisayoyoke, ndipo ndinaona koyamba mizu imene Tiwonge ankaifunafuna, yachikasu, yopotana ngati ulusi. Mayi anali munthu waudongo, wosakonda zinthu zomwazika, ndiye anakoka chingwe n'kubzala mumzere wowongoka bwino. Vuto linali lakuti kumunsi kwa bwalo lathu ndi kumene kunkayambira munda wa fodya wa a Yotamu. Mtengo umodzi pakhomo mwina akanaunyalanyaza, koma mitengo yondanda pamzere pakati pa malo awiri, kwa munthu aliyense wa kumeneko, ndi malire. Ndipo a Yotamu chaka chimenecho anali ndi mbande za fodya zambiri kuposa munda wawo.

Anadikira mpaka timitengo titagwira, titatulutsa nsonga zatsopano zofika m'mawondo mwanga. Tsiku limenelo kunacha ndi mvula yowaza, ine ndikusesa pabwalo, Tiwonge atakhala pakhonde ndi chimanga chokazinga m'thumba. A Yotamu anatulukira atavala chijasi chawo cha ku migodi ndi majombo, osapereka moni, n'kuwerama pa kamtengo koyamba. Kulira kwa mizu ikamaduka m'dothi lonyowa sindidzakuiwala, kuli ngati kung'amba nsalu yakale. Anazula koyamba, kachiwiri, akupita ndi mzere modekha ngati akupalira. Mayi anatuluka m'khitchini n'kugwada m'matope patali, paja mkamwana sayandikira mkulu wa mwamuna wake, n'kumangoti, "Ndapota, adada, ndapota." A Yotamu osawayang'ana n'komwe analankhula molunjika kumunda, "Mkamwana wakupanda yayi khuni. Khuni ni mphaka." Ndiko kuti mkamwana sabzala mtengo, mtengo ndi malire. Tiwonge anathamanga n'kukakamira mwendo wawo akulira, iwo anangomusuntha ndi bondo. Atamaliza anakumbatira mtolo wonse, dothi likuyoyokera pa jasi, n'kukauponya kuseri kwa khola pa mulu wa ndowe.

Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo, koma Lamulungu lotsatira, anthu atangoweruka kutchalitchi, zovala zoyera zikadali m'thupi, abale a kuchimuna anakhala pansi pakhomo la khola. Ife ana anatithamangitsa, koma ine ndinabisala kuseri kwa nkhokwe ndipo ndinamva zonse. Wolankhula anali azakhali, amene tsiku lomwelo anali atatsogolera nyimbo m'tchalitchi. Anati aNyaBanda aonetsa mtima wawo, akufuna kudula malo a eni ake kuti adzaitanirepo alongo awo a ku Kasungu. Anati mwina n'chifukwa chake mwamuna wawo anaona chanzeru kupeza mkazi wina ku Joni. Ha! Pamenepo ndi pamene ndinadziwa za mkazi winayo, ndiponso kuti abale a bambowo ankadziwa kalekale, akutiyang'ana tikudikira munthu woti sabwera. Chigamulo anachikuta ndi mawu okoma ngati akuchitira munthu chifundo, ati aNyaBanda akapumeko kwawo mpaka mwini wake adzabwere kudzakonza yekha. Mayi anafunsa za ana. A Yotamu anayankha okha, "Ŵana mba kuno, ng'ombe zikaluta kale." Ana ndi a kuno, ng'ombe zinapita kale. Mayi anangonena chinthu chimodzi m'Chichewa chawo, osayesanso Chitumbuka, "Ine ndimati mwana adzadye." 

Tsiku lochoka, azakhali anamutenga Tiwonge m'mamawa kupita naye kudimba, atamunyengerera ndi nzimbe, kuti asaone. Nkhanza zina zimabwera zitavala chifundo, ndipo imeneyi sindinaikhululukebe. Mayi anamanga zovala zawo m'chitenje, miphika ndi mbale anasiya poti ati ndi za pamudzi. Ndinawaperekeza mpaka kumsewu, ine kutsogolo ndi kamtolo, iwo m'mbuyo akutembenukira kudimba. Sanandiuze mawu akuluakulu oti ndizikumbukira. Anangoti ndizimusambitsa Tiwonge kuseri kwa makutu chifukwa yekha amangonyowetsa kumaso, ndiponso kuti usiku amavula bulangete, ndizimufunditsa. Galimoto itafika anakwera osayang'ananso m'mbuyo. Sabata isanathe ife anatisamutsira kwa a Yotamu, mizere ya fodya inafika mpaka pakhonde pathu, ndipo pokolola nyumba imene ndinabadwiramo inasanduka mosankhira fodya. Apo ndiye aliyense anaona amene ankafunadi malo.

Mvula ili pakati, anandituma kukatapa manyowa kuseri kwa khola. Kumeneko kunkamera bonongwe ndi chisoso zofika m'chiuno, ntchentche zili ng'waa, fungo la ndowe yonyowa lokhala ngati likukukankha. Ndikupatula zitsambazo ndi khasu, ndinaona tsamba lokhakhala la mano m'mbali. Timitengo tija tinagwa chogona pa mulu, ng'ombe zinatipondereza m'ndowe, mvula inatikwirira, ndipo m'malo moola tinagwira. Thunthu linali chigonere, koma nsonga iliyonse inali itapinda n'kuyang'ana kumwamba, yonenepa kuposa mmene inalili m'mapepala mwathu. Ndinakhala pansi pomwepo pa ndowe n'kulira, osadziwa ngati ndikulira chifukwa chokondwa kapena chifukwa cha ukali. Sindinauze munthu. Ndinabwezeretsa zitsamba mmene zinalili n'kukatapa manyowa mbali ina. Pamene a Yotamu anadzaiona mitengoyo n'kuti itapitirira mpanda wa khola, ndipo poti ana a ng'ombe ankabisalamo dzuwa n'kumadya masamba ake, anaisiya. Mtengo umene unali mlandu m'manja mwa mayi anga unakhala wabwinobwino utangopezeka kuseri kwa khola la mwamuna.

Mabulosi oyamba anapsa m'chilimwe chotsatira, obiriwira kenaka ofiira kenaka akuda bii, ofewa moti ukangowakhudza ankagwera okha m'manja. Tiwonge ankalawirira kumeneko asanasukusule, n'kubwerako lilime lili lakuda, malaya osachapikanso, m'mimba mukulira. Palibe anamukwapula. Ndinamuuza kuti mitengoyi anabzala ndi amayi, iye n'kuloza kunyumba kwa a Yotamu, chifukwa pofika nthawi imeneyo amene ankawatcha amama anali akazi awo a bambo aakulu. Ndinamumenya khofi tsiku limenelo, ndipo sanadziwe chimene walakwa. Mwana wamng'ono amaiwala msanga, ndipo akuluakulu aja ankadziwa bwino zimenezo pamene ankamutengera kudimba.

Bambo anabweradi kuchokera ku Joni, patapita zaka zambiri, ali m'bokosi pa ngolo yokokedwa ndi galimoto, ndipo nkhani imene ankati adzakonza okha inalowa nawo m'manda. Mayi sanaitanidwenso. Ine nditapita kusekondale ku Mzimba boma ndinayamba kuzemba patchuthi kupita ku Kasungu, koma Tiwonge anakawaona atamera kale ndevu. Anawagwira dzanja ndi ulemu wonse, n'kuwapatsa moni wa Chitumbuka ngati akulonjera mlendo wa kutchalitchi, ndipo mayi anayankha mwaulemu womwewo, kenaka analowa m'nyumba n'kukhalitsamo. Za mabulosi ine ndi mayi sitinakambepo. Iwo sankafunsa, ndipo ine ndinkaona ngati kuwauza kuti mitengo ija ili moyo pakhola la amene anawathamangitsa kukanakhala kuwatsira tsabola pabala.

Chaka chathachi a Yotamu anamwalira, ndipo ndinapita kumaliro monga mwana wa pamudzi. Kunali kotentha kwambiri, ndiye anthu anadzaza pansi pa mabulosi aja, amene tsopano ndi mitengo ikuluikulu yotambalala, zipatso zikugwera pa mipango ya amayi. Mkulu wina wa mpingo ataimirira kunena mbiri ya malemu, anatambasula dzanja n'kuloza mitengoyo. Anati taonani, bamboyu anali wokonda chilengedwe, woganizira za mawa, watisiyira mthunzi umene takhalapowu ndi zipatso zimene adzukulu akudya, tiyeni titengerepo phunziro. Anthu anavomera ndi mtima wonse. Azakhali, okalamba tsopano, anagwedeza mutu n'kupukuta misozi. Ine ndinaluma nsonga ya chitenje mpaka nsagwada kuwawa, chifukwa pamaliro a kumeneko mwana wamkazi saimirira kutsutsa mbiri ya malemu. Ndinayang'ana nkhope za achikulire amene analipo tsiku lija pakhomo la khola, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anagwetsa maso.

Anthu atabalalika ndinabwereka mpeni kukhitchini. Ndinasankha nthambi zonenepa ngati chala, kumunsi ndinadula mopendeketsa, kumwamba mowongoka, n'kuzikulunga m'chiguduli chonyowa. Sindinapemphe chilolezo kwa aliyense. Mawa lake ndinakwera minibasi ya ku Kasungu, ndipo ndinapeza mayi atakhala pamkeka, maso atayamba kuchita nkhungu. Ndinaika mtolo pamiyendo pawo n'kuwauza zonse, za mulu wa ndowe, za mitengo yogona, za mkulu wa mpingo ndi bodza lake, mawu akundituluka ngati madzi a pampopi. Ndinkafuna akwiye nane limodzi. Iwo anasolola kamtengo kamodzi, n'kuyendetsa chala pa diso, n'kukatembenuza chifukwa kanali chadodolido. Kenaka anafunsa, "Nanga Tiwonge ankadya?" Ndinati ankadya, mayi, mpaka malaya onse kuda. "Osakwapulidwa?" Ndinati osakwapulidwa. Anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Basi, ndiye inagwira."

Iwo zinawakwanira, ndipo mwina ndi mmene anthu onga mayi anga amapirira mpaka kukalamba osapenga. Ine sizinandikwanire, ndipo sindikufuna kuti zidzandikwanire. Anthu amakonda kunena kuti miyambo yathu ikutha, n'kumadandaula ngati zonse zimene zikutha zinali zabwino. Ine ndinauona mwambo ukugwira ntchito yake bwinobwino, popanda wophwanya lamulo ngakhale mmodzi, ndipo mwana anadya mabulosi a mayi ake chaka ndi chaka osawadziwa mayi akewo. Timitengo tija tinabzala madzulo omwewo kuseri kwa nyumba yawo, pa nthaka ya amayi awo, pomwe palibe angatizule, ndipo tagwira. Koma ndikapita ku Edingeni ndimakaimabe kuseri kwa khola, ndipo mwana aliyense amene ndamupeza pa thunthu logona ndimamufunsa kuti mitengoyi ndi ya yani. Akati ndi ya agogo a Yotamu, ndimamugwira paphewa n'kumuuza kuti ayi, anabzala ndi Nabanda wa ku Kasungu, ndipo sindimusiya mpaka atalitchula dzinalo.